Nkhope Yochokera m'Bokosi

Munthu akatuluka mumzinda wa Mutare, nakwera chitunda cha Christmas Pass, n'kukhotera kudzanja lamanja, amafika ku Penhalonga asanathe makilomita 20. Dzinali ndi la Chipwitikizi, tanthauzo lake thanthwe lalitali. Golide wa m'chigwa cha mtsinje wa Mutare ndiye anakokera anthu kumeneko kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pamene migodi ya Penhalonga ndi Rezende inayamba kugwira ntchito. Dzina limene ambiri akulidziwa lero ndi la mgodi wa Redwing. Eni migodi sankapeza antchito okwanira pakati pa Amanyika, eni nthaka, choncho ntchito ya pansi inkagwera anthu obwera: a ku Nyasaland, a ku Northern Rhodesia ndi a ku Mozambique. Ena anadza wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere amene ankanyamula antchito osawalipiritsa. Ambiri sanabwerere, ndipo kwawo anatchedwa matchona. Zina mwa zidzukulu zawo zimakhala ku Tsvingwe, dera la nyumba zothithikana la ku Penhalonga komweko.

Ku Tsvingwe chilankhulo cha pamsewu ndi Chimanyika. Chichewa chimamveka m'makonde momwe muli okalamba, pamaliro, ndi m'nyimbo za gule, amene Ashona amamutcha zvigure. Ana ambiri obadwira kumeneko amamva Chichewa koma amayankha mu Chishona. Umu ndi mmene zinalilinso pakhomo lina la m'deralo, pomwe pamakhala agogo ena a kwa Mfumu Kaphuka ku Dedza, pamodzi ndi mpongozi wawo ndi mdzukulu wawo wamwamuna. Agogowa anafika ku Penhalonga ali mnyamata, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka msana unakana. Mdzukuluyo anatsiriza Fomu 4, amakonza mafoni pa kashopu ka mnzake, ndipo Lamulungu amapita ku tchalitchi cha Methodist ndi mayi ake. Kudambwe sanapondeko.

Awiriwa ankagwirizana monga zimakhalira pakati pa gogo ndi mdzukulu, kuchitana nthabwala ndi kulandana chimanga chokazinga, koma panali mpanda umodzi umene sankaudumpha. Akuluakulu a m'deralo ankadziwa kuti m'masiku awo agogowa anali munthu wodalirika pa zagule, ndi kuti manja awo ankadziwa zambiri. Zimene ankachita kwenikweni sizinenedwa pabwalo, ndipo sizinenedwa muno. Mwana wawo amene analowa mwambo, bambo ake a mnyamatayu, anamwalira mnyamatayo akadali wamng'ono. Mayi ake, monga Mkhristu, sanafune kuti mwana wawo atsatire njira imeneyo, ndipo agogowo sanakakamize. Motero munthu wa zaka zoposa 80 ankagona m'nyumba imodzi ndi mlowam'malo wake yekhayo, ali ndi luso limene mwambo unkamuletsa kumusonyeza.

Bokosi linafika pa basi kuchokera ku Johannesburg, litatumizidwa ndi achemwali ake a mnyamatayo amene amagwira ntchito kumeneko. Iwo ankadziwa kuti mlongo wawoyo anali atatengeka ndi sewero la pakanema lotchedwa The Mandalorian, limene linayamba kuonetsedwa mu 2019 monga nthambi ya nkhani za Star Wars, zomwe filimu yake yoyamba inatuluka mu 1977. Ankhondo a m'sewerolo amavala chophimba mutu wonse, chokhala ndi mpata wa maso wooneka ngati chilembo cha T. Anthu ambiri anachiona koyamba mu 1980 pamutu pa Boba Fett mu filimu ya The Empire Strikes Back. Padziko lonse pali anthu amene amadzipangira zovala zimenezi, ndipo ali ndi magulu awo monga 501st Legion, limene linayamba mu 1997, ndi Mandalorian Mercs. Ku Johannesburg amakumana pa Comic Con Africa kuyambira mu 2018.

Mnyamatayo ankayembekezera chinthu chonyezimira ngati cha pafoni. M'bokosimo munatuluka zidutswa zisanu ndi ziwiri za pulasitiki wotuwa: chipewa cha pamwamba chogawika pawiri, nkhope, chakumbuyo, makutu awiri, ndi kachidutswa kothandiza kulumikiza. Zonse zinali zosindikizidwa ndi makina a 3D, amene amayala pulasitiki wosungunuka mzere pa mzere, uliwonse wochepa kuposa theka la milimita. Chifukwa cha ichi chinthu chonse chinali ndi timizere tokhakhala ngati dengu. Ogulitsa zinthu zotere amagulitsa mawonekedwe okha. Kumata, kupala, kupaka ndi kutsiriza ndi ntchito ya wogula.

Dzina la chinthuchi linavuta pakhomopo. Mayi ake a mnyamatayo anachitcha chisoti, liwu limene owerenga Buku Lopatulika amalidziwa pa zovala za msilikali. Mnyamatayo ankangoti helmet, monga anenera anzake oyendetsa njinga zamoto. Agogo anachitembenuza m'manja nthawi yaitali, nayika chala m'mpata wa maso, nati chisoti chimateteza mutu koma chimasiya nkhope poyera, pamene ichi chabwera kudzalowa m'malo mwa nkhope. "Ichi n'chigoba," anatero. Atauzidwa kuti pulasitiki wa mtundu umenewu, wotchedwa PLA, amapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe, anaseka mpaka kutsokomola, koma sanafotokoze chowasekesa. Amene anaonapo kasiyamaliro akulowa m'bwalo madzulo, makoko ake ali mbuu, akhoza kulingalira yekha.

Masiku atatu oyamba agogo anangopenyerera. Mnyamatayo anamata zidutswazo ndi guluu wouma msanga uja wa m'timachubu, ndipo m'ming'alu anathiramo soda wophikira ndiwo n'kudonthezapo guluu yemweyo, njira imene imaumitsa malowo gwa m'kanthawi kochepa. Kenaka anatenga sandipepa wa nambala 120, nakhala m'chipinda chotseka, nayamba kukwecha ndi mphamvu zake zonse. Fumbi loyera linadzaza patebulo ndi m'mphuno mwake. Apa m'pamene agogo analankhula.

"Iwe, tuluka nacho panja chinthucho, utenge ndi beseni la madzi."

"Chifukwa chiyani, agogo?"

"Fumbi limene sulitha kuliona ndilo limapha. Anzanga amene ndinatsika nawo pansi ali kuti lero?"

Aliyense wokulira pamgodi amadziwa chifuwa cha anthu a pansi, chimene fumbi la mwala limayambitsa pang'onopang'ono, ndipo amadziwa chifukwa chake makina obowolera thanthwe amayendera pamodzi ndi madzi. Fumbi la pulasitiki ndi la mankhwala omatira si la mwala, komabe mapapo salifuna. Madziwo anathandizanso mwa njira ina imene mnyamatayo anadzaiwerenga pambuyo pake: pulasitiki wa PLA amayamba kufewa akafika pa madigiri pafupifupi 60, kotero ukamukwecha wouma ndi changu amatentha, n'kuyamba kumatirira pa sandipepa m'malo mosalala. Madzi amamuziziritsa. Pa chifukwa chomwecho chigobacho sichiyenera kusiyidwa padenga la malata kapena m'galimoto yotseka nthawi ya dzuwa la Okutobala, chifukwa chimapindika.

Kuyambira tsiku limenelo ntchitoyo inasamukira pakhonde, ndipo agogo anasendeza mpando wawo pafupi. Palibe amene anakonza zimenezi, koma onse awiri anazindikira msanga chimene chinachitika. Chigoba cha pulasitiki chochokera ku Johannesburg chinalibe mwini mzinda, chinalibe mwambo, chinalibe mzimu wa munthu aliyense. Za icho agogo akanatha kulankhula momasuka masana, amayi ndi ana akumva, osalakwira aliyense. Mawu amene anawasunga zaka zambiri anapeza pogwera.

Anayamba ndi kagwiridwe. Sandipepa sagwiridwa ndi nsonga za zala, chifukwa zala zimasiya timigula. Amakulungidwa pa kathabwa pokwecha pamalo athyathyathya, ndi pa kasiponji pokwecha pozungulira. Dzanja limayenda mopingasa timizere tija, osati motsatira. Anati kale, kusanabwere sandipepa wa m'sitolo, amisiri ankasalalitsa mipini ndi zipande ndi masamba okhakhala a mtengo wina wa mtundu wa mkuyu, ndipo lamulo linali lomweli: uyambe ndi chokhakhala, utsirize ndi chofewa, usadumphe. Mnyamatayo anachoka pa 120 kupita pa 220, kenaka 400. Atanena kuti watha, agogo anamuuza atseke maso ayendetse chikhatho pamwamba pake. Chikhatho chinapeza zitunda zimene maso sanazione. Madzulo, dzuwa litapendeka, anamuuza achinyamule molunjika kuwala, ndipo mthunzi unaulula zina. Pomaliza anapaka makala pachigoba chonse, napala pang'ono: pomwe makala anatsalira m'pomwe panali polowa. Okonza magalimoto ophwanyika amachita zomwezi ndi penti wakuda wowaza pang'ono, ndipo kwa iwo n'kumene mnyamatayo anakagula phala lotsekera maenje, kufupi ndi msika wa Sakubva.

Kupala ndi kutseka maenje kunatenga milungu itatu. Pakati pake pankabwera penti wapansi wotuwa, amene amisiri amamutcha primer, yemwe amadzaza timizere tating'ono ndi kupatsa penti weniweni pogwira. Amapopera, kuuma, kupala, kupoperanso. Ulendo wachinayi mnyamatayo anatopa, nati penti wapamwamba adzabisa zotsalazo. Agogo anakana. Penti sabisa kanthu, anatero, amangoulula. Chilema chimene uchisiye pansi chidzatulukira pamwamba chitavala bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo nayo inaphunzitsa zake. Mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe amakhala ndi masiku a nkhungu ndi mvula yowaza imene kumeneko amati guti, mlongo wake wa chiperoni wa ku Thyolo ndi Mulanje. Penti wopopera wa m'chitini akapoperedwa tsiku lotero amauma ndi chimtambo choyera pamwamba, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa mkati. Agogo, amene sanagwirepo chitini chotero, ankadziwa kuwerenga phiri: likavala chipewa m'mawa, ntchito ya utoto idikire. Mnyamatayo ankadziwa zimene agogo sankazidziwa: kuti chitini chigwedezedwe mphindi ziwiri, chikhale patali masentimita 20 kapena 25, dzanja liyambe kuyenda chala chisanadinde, ndipo ndi bwino kupaka kopyapyala katatu kusiyana ndi kochindikala kamodzi. Pa zimenezi agogo ndiwo ankafunsa, ndipo ankafunsa mu Chichewa. Mnyamatayo, pofuna kuti amveke, anayamba kuyankha mu Chichewa chomwecho, chopunduka poyamba, chosakaniza ndi Chishona, koma chomveka. Kupala, kukwecha, kusalaza, kumata, kuyanika, tupa, nsompho: mawu amene sakanawapeza pa foni anawatola pakhondepo.

Chigobacho chitasalala see, mnyamatayo anafuna kuchipaka siliva wonyezimira kuti chifanane ndi cha m'sewero. Agogo anamufunsa funso limene linamuimitsa.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi msilikali wa m'filimu, agogo."

"Wa m'filimuyo ali ndi eni ake. Ine ndikufunsa uyu ali pamiyendo pakoyu. Kwawo n'kuti? Wayenda kuti? Akabwera pagulu, akudzanena chiyani?"

Funsoli ndi lachikale pakati pa Achewa. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa bwalo, kaya ku Dedza, ku Katete pa Kulamba, ku Angónia kapena pamgodi wa ku Zimbabwe, amadziwa kuti chilombo chilichonse chimabwera ndi dzina, khalidwe ndi uthenga wake. Chadzunda ali ndi ukulu wake, Maliya ali ndi kayendedwe kake, Simoni ndi nkhope yake yofiira psuu amakumbutsa mlendo wopsa ndi dzuwa. Gule sanaopepo nkhope zachilendo. Analandira galimoto, analandira mzungu, ndipo ku Brooklyn Museum ku New York kuli chigoba cha Nyau cha nkhope ya woimba Elvis Presley. Ku Mua, m'nyumba ya Chamare ya pa Kungoni Centre, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, muli zigoba mazanamazana, chilichonse ndi nkhani yake. Pamene UNESCO inalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse, luso limeneli lotenga chachilendo n'kuchipatsa ntchito pamudzi linali mbali ya chumacho. Choncho kwa agogo vuto silinali loti chigobacho chachokera kunja. Vuto linali loti aliyense wogula bokosi lomwelo, ku Cape Town kapena ku London, amalandira nkhope yomweyo, yopanda kwawo.

Mnyamatayo anadabwa kupeza kuti opanga zovala za Mandalorian amaganiza chimodzimodzi. M'magulu awo munthu amaloledwa kusankha mitundu yake ndi chizindikiro chake, ndipo chigoba chabwino chimadziwika ndi zipsera zake. Cha Boba Fett chimatchuka ndi chibonga chimene chili pamwamba pake. Luso lokalambitsa chinthu chatsopano ndilo limasiyanitsa mmisiri ndi wophunzira, chifukwa wophunzira amamwaza zokanda paliponse, pamene chinthu chenicheni chimakandika pokhapo pamene chimagunda.

Agogo analowa m'nyumba natuluka ndi chisoti chawo cha kumgodi, chimene chinkapachikidwa kuseri kwa chitseko. Chinali chitachita chikasu ndi ukalamba, kutsogolo kuli kachitsulo kopachikapo nyali. Anachiika pambali pa chigoba chija nayamba kuchiwerenga ngati kalata. Pamwamba penipeni panali pokwecheka, chifukwa denga la mgodi ndi lalifupi ndipo munthu amayenda chowerama. Pamphumi, chakumanja, panali pobooka pang'ono pomwe mwala unagwera. M'mphepete munali moperepeseka chifukwa choikidwa pansi madzulo aliwonse. Kumbuyo kunali mzere wakuda pomwe chingwe cha nyali chinkadutsa. M'makona onse munalowa dothi limene sopo sanathe kulichotsa. Chipsera chilichonse chinali ndi tsiku lake, ndipo masiku ena agogo anawafotokoza, ena anangowadumpha.

Mnyamatayo anakopera zipserazo pa chigoba chake, malo ndi malo. Njira yake ndi yosavuta kuimva koma imafuna dzanja lodekha. Poyamba chigoba chonse chimapakidwa siliva, kuti chioneke ngati chitsulo, n'kusiyidwa chiume tsiku lathunthu. Kenaka pamalo pomwe pakufunika chipsera amadonthezapo mankhwala otsukira mano ndi kamtengo, mosalongosoka, monga momwe penti amasuwukira yekha. Pamwamba pa zonse amapopera mtundu weniweni. Ukauma, nsalu yonyowa imachotsa mankhwala aja pamodzi ndi penti wa pamwamba pake, ndipo siliva amaonekera ngati chitsulo chovulala. Mtundu umene anasankha unali wachikasu chozimirira cha chisoti cha agogo, masaya akuda bii, ndi mzere umodzi wofiira wodutsa pamwamba. Pa kufiirako agogo anangogwedeza mutu, osanena ngati akuvomereza chifukwa cha kukongola kapena chifukwa china.

Kenaka panabwera litsiro. Penti wakuda wosungunula kwambiri ndi madzi amapakidwa ponseponse n'kupukutidwa asanaume, kuti atsalire m'makona mokha. Opanga zigoba a kunja amagula ufa wa mitundu m'timabotolo kuti ayerekeze fumbi la m'chipululu. Ku Tsvingwe kugula fumbi kukanakhala kuseketsa anthu. Mnyamatayo anatapa katondo pamsewu, namusefa pa nsalu, namupaka ndi kaburashi m'mphepete mwa makutu ndi pansi pa mpata wa maso, pomaliza n'kutseka zonse ndi vanishi wosanyezimira. Dothi limene lili pachigobacho ndi lomwe makorokoza, okumba golide pawokha, amabwera nalo ku nsapato madzulo.

Chizindikiro ndicho chinatenga nthawi yaitali kuchisankha, ngakhale kuchijambula kunatenga mphindi zochepa. Banja lotere limadziwa kulemera kwa chizindikiro. Lamulo la unzika litasinthidwa ku Zimbabwe mu 2001, anthu ambiri obadwira m'dzikomo kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka ndi zitupa zowatcha alendo, ndipo ena anasanduka anthu opanda dziko. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, koma mayina achipongwe monga mabwidi sanathe ndi lamulo. Ana ena anaphunzira kubisa kwawo kwa makolo awo pasukulu. Mnyamatayu anali mmodzi wa iwo. Pa khutu lakumanzere la chigobacho anajambula phiri, mizere iwiri yokumana pamwamba. Wa ku Penhalonga akaliona amati ndi thanthwe lalitali lija. Mchewa akaliona amadziwa mfunda wa mwini wake.

Ntchito ya mkati inatsala, ndipo pano m'pamene agogo anafika pafupi kwambiri ndi mpanda uja. Galasi la maso analidula kuchokera ku chotchinga nkhope chakuda cha anthu onola zitsulo, nalimata mkati. Siponji wa matiresi akale anadulidwa zidutswa zinayi: pamphumi, pankhongo ndi m'mbali, kuti chigoba chisagwedezeke mutu ukatembenuka msanga. Agogo anaumirira kuti pansi pa chibwano pasiyidwe mpata wa mpweya, ndi kuti pasakhale nsonga iliyonse yoyang'ana kumaso. Mnyamatayo atavala koyamba, galasi linachita nthunzi ndi mpweya wake, vuto limene kadontho ka sopo wotsukira mbale kopakidwa mopyapyala kamachepetsa. Atayesa kuyenda anapunthwa pa mtondo, chifukwa mpata wa T umaonetsa kutsogolo koma umabisa zimene zili m'mbali mwa mapazi.

"Malo umawaona usanavale," anatero agogo. "Uwerenge miyala, udziwe pomwe pali dzenje, udziwe potulukira. Ukavala, usamaweramitse mutu kufuna mapazi ako, anthu adzaona kuti ukuopa. Potembenuka, tembenuka ndi mapewa. Ukamva kuti mpweya ukuchepa, choka anthu asanadziwe."

Mnyamatayo anavula, nawayang'ana. "Agogo, inu zimenezi munazidziwira kuti?"

"Kumgodi," anayankha, maso ali kuphiri. Mayi ake, amene ankasenda mbatata chapafupi, sanadzutse mutu.

Tsiku lina mnyamatayo anawafotokozera za mlandu wa ku Britain, pakati pa kampani ya Lucasfilm ndi Andrew Ainsworth, munthu amene anaumba zisoti zoyera za asilikali a mu filimu ya 1977. Mu 2011 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti zisotizo, pa malamulo a kumeneko, si ziboliboli, popeza zinapangidwa kuti zigwire ntchito mu filimu. Mnyamatayo ankaona ngati oweruzawo ananyoza luso. Agogo anagwirizana ndi oweruza. Nkhope yopangidwa kuti ivalidwe, anatero, ikakhala pa shelefu imakhala itagona. Imadzuka munthu akalowamo, ng'oma kapena phokoso la anthu likayamba.

Chigobacho chinadzuka pa tsiku la masewera a ana m'deralo. Agogo anapereka malangizo awiri okha: achinyamule m'thumba, ndipo asavale kapena kuvula ana akuona. Mnyamatayo anaseka, nawauza kuti msilikali wa m'sewero lija ali ndi lamulo lomwelo, loti asavule chisoti chake pamaso pa munthu wina. Agogo anati ndiye kuti olemba seweroli anakhalako pafupi ndi anthu anzeru. Atatulukira kuseri kwa nyumba, atavala ovolosi yakuda ndi magolovesi, ana aang'ono anabalalika akukuwa kuti chigure, okulirapo anamuzungulira akukangana za amene ali mkati. Mwana wina wa pafupi ndi kwawo anamugwira mwendo namuitana ndi dzina lake, ndipo chilakolako chovula kuti aseke naye chinali chachikulu. Anapirira, natembenuka ndi mapewa, nachoka asanatope. Anakavulira kuseri, thukuta lili noninoni, ndipo anabwerera pagulu ngati munthu amene wangofika kumene. Mwana uja anamuthamangira kudzamufotokozera zimene waphonya.

Chigoba cha pulasitiki si chilombo, ndipo agogo sanalole kuti wina asokoneze ziwirizi. Mzimayi wina atafunsa ngati mdzukulu wawo walowa gule, anayankha kuti zimenezo n'zoseweretsa za pakhonde. Kwa mnyamatayo ananena zomwezo mwa njira ina: zimene wapatsidwazi ndi za manja, zimene mmisiri aliyense angapatse mwana aliyense. Zinazo zili ndi eni ake, ndipo njira yake sidutsa mwa gogo yekha. Ngati adzazifune, adzapita yekha, atakula, mayi ake akudziwa. Mnyamatayo sananene kuti adzapita, ndipo Lamulungu lotsatira anali m'kwaya monga mwa masiku onse.

Chimene anapempha chinali china. Kale munthu wopita kukagwira ntchito ku Rhodesia ankalembedwa pa chitupa ndi zinthu zitatu za kwawo: mudzi, mfumu ndi boma. Mnyamatayo ankadziwa chachitatu chokha. Anabwera ndi cholembera chosafufutika, namatula siponji wa pamphumi, nafunsa agogo kuti atchule zitatuzo pang'onopang'ono. Anazilemba mkati mwa chigobacho, agogo akukonza kalembedwe ka dzina la mudzi kawiri, kenaka anabwezera siponji pamwamba pake. Achemwali ake atafunsa pa foni ngati angatumize bokosi lina, iye anati atumize, koma likhale la mutu waung'ono, chifukwa pali mwana wa pafupi ndi kwawo amene wayamba kubwera pakhonde madzulo, ndipo wadziwa kale kukulunga sandipepa pa kathabwa.